Chikopa Chomwe Ndinayanika Ngati Usipa

Fungo la mafuta a nsatsi likandipeza paliponse, ndimawaona agogo anga aamuna, a Saidi, atakhala pansi pa mtengo kuseri kwa nyumba yathu ku Chipoka, chikopa cha mbuzi chili pamawondo, akuchipala pang'onopang'ono ndi kampeni kotha msonga, ntchentche zikuwazungulira.

Kale ofufuta zikopa analipo atatu m'mudzi mwathu. Itatsegulidwa fakitale ya zikopa kummwera, anzawo awiri aja anasiya, n'kumangothira mchere zikopa zaziwisi ndi kuzikweza sitima. Agogo ankati a fakitale amadziwa za nsapato, koma za msana wobereka mwana sazidziwa.

Mlongo wanga Yusufu atabadwa, agogo anapha mbuzi yathu imodzi yokhayo kuti chikopa chake chikhale mbereko yake potuluka m'chikuta. Anachikhomera pamthunzi n'kupita kumzikiti, poti linali Lachisanu. Ine pofuna kuti chiume msanga, ndinachizula n'kukachiyanika pathandala la usipa, dzuwa lili pamutu. Pobwera anachipeza chitauma gwa ngati lata, m'mbali chitapindika. Amayi analira, chifukwa mbuzi ina panalibe.

Agogo anachigogoda ndi chala, kenako n'kundiyang'ana.

"Iwe Asiyatu, kodi mbuzi yanga inali nsomba?"

Sanandimenye. Anachiviika m'madzi a makungwa, ndipo masiku anayi tinakhala moyang'anizana, iwo uko ine kuno, kuchipaka mafuta, kuchipotokola, kuchikoka, mpaka m'manja mwanga munatuluka matuza. Ndikadandaula ankangoti chikopa chimamva manja, dzuwa sichilimva. Ngodya imodzi inakana kufewa. Anaisiya choncho, ati imeneyo ndi yako, Asiyatu.

Yusufu anakulira mu mbereko imeneyo, ndipo nthawi zambiri wom'bereka ndinali ine, ngodya ija ikundikanda paphewa popita kukatunga madzi, chifukwa kwina sankandilola kupita naye.

Fakitale ija ndinamva kuti inatsekedwa. Agogo anatisiya kalekale, ndipo Yusufu tinamuika chaka chatha, ali ndi imvi ndi zidzukulu zake. Potulutsa zovala zake, alamu anga anapeza mbereko ija pansi penipeni pa sutikesi, ubweya utathothoka, n'kundipatsa. Ndimaipaka mafuta a nsatsi mvula ikamayandikira, monga ankachitira agogo. Ponseponse m'pofewa bwino. Ngodya yanga ija idakali gwa, ndipo sindiipaka.