Paketi ya Tiyi ku Ofesi ya Phungu

Chaka chimene ndinasiya koleji, bambo ananditenga kukaonana ndi phungu wa dera lathu ku Tottenham, mumzinda wa London. Mng'ono wawo anali m'ndende ku Malawi popanda mlandu, ndipo ankafuna kuti boma la kuno liyambe laimitsa thandizo lopita ku Malawiko mpaka anthu otere atatulutsidwa. Ananyamula paketi ya tiyi wa ku Thyolo, poti kwa munthu wamkulu sapita chimanjamanja.

Mlembi wa phunguyo anaikankha paketiyo ndi cholembera. Anati anthu obwera ndi mphatso kudzanyengerera boma kuti lisinthe mfundo amawalemba padera, dzina ndi gulu limene lawatuma.

"Palibe watituma, mayi," anatero bambo. "Ndabwerera m'bale wanga basi."

Ine zinandinyansa. Otumidwa ndi makampani ankadya ndi aphungu m'mahotela, koma wofunsidwa mafunso n'kukhala bambo anga ndi tiyi wawo. Ndinayankha mokweza m'Chingerezi kuti tikuimira Amalawi onse othawira ku London.

Mayiyo anayamba kulemba.

Bambo anandifinya dzanja. "Iwe, ukudziwa kumene pepala limakathera?" anandinong'oneza. "Mawu akuti gulu akangomveka kwa kazembe wa Malawi, bambo ako aang'ono sadzatulukanso."

Anapempha pepalalo mwaulemu, nalipinda, naliika m'thumba la jekete. Tinatuluka tisanamuone phunguyo. M'basi anakakhala pampando wina, kutali ndi ine, ndipo ulendo wotsatira anapita okha osandiuza.