Injini Yanga Inatsala Kuchikamwini

Ndinagwila nchito zaka zisanu ndi ziwili m'galaja ku Walale, masiku a Chitaganya, ndipo chimene ndinabwela nacho chinali chimodzi chokha: mthuthuthu. Anzanga ankabwela ndi masuti ndi magalamafoni. Ine iyayi, ndinkafuna chinthu cholila pamseu. Ndinakwatila cha ku Nyampande, ndipo monga mwa mwambo ndinakakhala kwa mkazi wanga, mkamwini wolima minda ya eni ake.

Kuseli kwa nkhokwe ya apongozi kunali kathilakitala ka mawilo awili, kaja koti munthu amayenda pambuyo atagwila zigwililo ngati pulawo. Mlamu wanga, mlongo wamkulu wa mkazi wanga, anakatola pa famu ya fodya cha ku Sasare mzungu wake atachoka. Injini yake inali yong'aluka, nkhuku zikuikila mazila pansi pake. Ng'ombe zinali zitatha ndi kashembe, banja lonse likudalila khasu.

Tsiku lina mlamuyo anandiitanila kuseli kuja. "Alamu, mthuthuthu wanuwu umangomwa petulo popita ku boma. Tibwelekeni injini mvula ino yokha. Tikakumba nshawa, ndidzaibwezela pamalo pake ndi manja angawa."

Ndinavomela. Uchitsilu wanga!

Nchito inatitengela masabata atatu. Mabowo a mabauti sankagwilizana, tinaboola ena ndi chitsulo chootcha pamakala. Tcheni inali yaifupi, tinalumikiza ziwili. Vuto lalikulu linali kutentha, pakuti injini ya mthuthuthu imazizila ndi mphepo ya liwilo, ndipo m'munda liwilo ulipeza kuti? Ndinadula chitini cha palafini n'kupanga chokupizila mphepo. Tinkadyela m'mbale imodzi, manja ali bii ndi oyilo. Tsiku limene kathilakitala kaja kanalila n'kung'amba mzele woyamba, mlamuyo anandinyamula m'mwamba pamaso pa apongozi, manyazi onse ataiwalika. Munthu ameneyo ndinkamukonda, ndisaname.

Mvula imodzi inasanduka zitatu. Ndikafunsa, ankati, "Chaka chamawa, alamu." Sindinalimbikile, popeza ana anga awili ankadya za m'munda womwewo.

Kenaka mkazi wanga anadwala chifuwa, namwalila dzinja lisanathe. Patapita miyezi titakolola, abale ake anakhala pansi kuti andisudzule, ndiko kundimasula kuti ndibwelele kwathu. Amalume ake a malemu ndiwo analankhula. "Bambo, mwana wathu munamusunga bwino. Takumasulani. Tengani zanu, ana ndi athu."

Za anazo ndinkazidziwa kale, ngakhale zinandiwawa. Ndinatenga bulangeti, nkhwangwa ndi bokosi la masipanala. Ndinasolola sipanala imodzi n'kulunjika kunkhokwe.

"Sipanalayo mukupita nayo kuti?" anafunsa amalumewo.

"Kukamasula injini yanga."

"Iyayi, bambo. Nyumba munamanga pano mukuisiya. Mango munadzala mukuwasiya. Injiniyo munaimangilila pa chitsulo chathu, ndi mabauti. Yakhala ya pano."

Ndinatembenukila kwa mlamu wanga. "Alamu, auzeni zimene munandilonjeza."

Anazolika, akutokosa dothi ndi kamtengo. "Ine sindikukumbukila bwino, alamu. Ndinkayesa munatipatsa."

Asa! Mtima wanga ndi wapachala, zimenezo sindibisa. Ndinaponya sipanala ija pankhokwe mpaka dothi linagumuka. Ndinamutcha wabodza, wakuba, munthu wopanda nkhope. Amai ena anakokela ana anga m'nyumba kuti asamve.

M'mawa mwake ndinanyamuka kupita kwa mlongo wanga ku Nyimba, ndikukankha mthuthuthu wopanda injini, bokosi nditamangilila pachishalo. Pakati pa mthuthuthuwo panali bowo loti mwana n'kudutsapo. Anthu m'njila ankandilonjela osayang'ana pabowopo.

Nditafika pakamtsinje, ndinamva mapazi kumbuyo. Mlamu uja, akuthamanga, thukuta kamukamu. Ndinati wagona nazo munthuyu, manyazi amugwila, wabwela kudzanena zoona.

Anapuma kaye, atagwila mawondo. "Alamu," anatelo, "pepani. Kathilakitala kaja kakukana kulila. Ndaponda chitsulo cholizila, ndaponda, kangotsokomola. Mumakatani kakatele?"

Ndinkafuna kumuuza kuti akafunse amalume ake, akatswili a mabauti. Mawuwo anali kale pakamwa. Koma mvula inali pafupi, ndipo munda ukapanda kulimidwa, njala sikanayamba ndi iye, ikanayamba ndi ana anga.

"Masulani pulagi," ndinatelo. "Muiotche pamakala, muipale ndi mpeni. Poponda, tsekani pakamwa pa kabuleta ndi chikhatho."

"Sipanala ya pulagi ndilibe, alamu."

Ndinamasula chingwe, ndinatsegula bokosi, ndinampatsa.