Ng'oma ya amalume inalira m'tchalitchi

Ntchito yanga ndi yolemba mapulogalamu a kompyuta. Mabwana anga ali ku Lusaka, koma ine ndimagwirira m'kachipinda kanga pa boma la Chadiza, chifukwa moyo wa m'tauni unandikana. Lolemba m'mawa timakhala ndi msonkhano wa pa intaneti, ndipo laputopu ndimayisanjika pawindo, poti ndi pokhapo pamene netiweki imandimvera chisoni. Kuyambira Lachiwiri mpaka Lachinayi ndimalemba khodi, malangizo amene kompyuta imatsatira. Lachisanu timaunikirana ntchito, pakuti kuntchito kwathu kuli lamulo lakuti chimene walemba chisapite kwa anthu mnzako asanachione. Lamulo limeneli linandilowa m'magazi.

Chaka chimene ndikunenachi, sabata inkatha ndisanalankhule ndi munthu wamoyo kupatula mayi wogulitsa tomato. Aneba ankati ndine lova woonera mafilimu. Amayi anga nawo anayamba kundifunsa ngati laputopuyo idzawaberekere adzukulu. Ndinatopa nazo, ndipo ndinayamba kupita ku tchalitchi china cha mapemphero chapafupi ndi msika. Ndisaname, chinanditengera kumeneko si chikhulupiriro. Ndinkafuna anthu.

Anthuwo ndinawapezadi. Lachitatu madzulo tinkakumana kunyumba kwa mmodzi wa ife, ndipo ndinaphunzira kupereka moni osayang'ana pansi. Kumeneko ndinadziwana ndi mphunzitsi wina wa makompyuta wa ku sekondale, munthu woyamba pa Chadiza kumvetsa chimene ndimachita. Tikaweruka ku mapemphero tinkaperekezana mpaka kuiwala kuti woperekeza mnzake ndi uti, nkhani yake ya khodi yokhayokha. Ndinamukonda munthu ameneyu ngati mbale wanga wa bere limodzi.

Loweruka linali la ine mwini. Ndinkapalasa njinga kupita kwa Mlolo, kwa amalume anga, mlongo wawo wa amayi. Iwowa anali katswiri wa mbalule, ng'oma imene imatsogolera zinzake pa gule wamkulu. Koma zala zawo zinali zitayamba kutupa, ndipo anyamata a m'mudzimo maso awo anali ku Chipata. Ndiye ndinaganiza zopanga kapulogalamu kanga kapambali: foni ikuliza ng'oma, iwe ukugogoda pagalasi kutsatira, iyo n'kumakuuza ngati wachedwa kapena wafulumira. Kuti zitheke ndinafunika kujambula mawu a ng'oma yawo.

Ndinawanyengerera Maloweruka atatu. Pamapeto pake anavomera, koma za kudambwe anati ndisazitchule n'komwe. Anati andiyimbira zokhazo zimene aliyense amamva pabwalo.

"Koma izi n'zapabanja," anatero. "Anzako a mapemphero aja asazimve. Ndakalamba, sindifuna kusanduka choseketsa."

Ndinalumbira, ndipo ndinalumbira ndi mtima wonse.

Miyezi iwiri imeneyo inali yokoma. Ankawamba ng'oma pamoto wa mapesi, ine n'kuika foni pampando, iwo n'kuyamba. Akalakwitsa ankatukwana zala zawo, n'kuseka, n'kubwereza. Nthawi zina ankaima pakati n'kundinena kuti manja anga ndi ofewa ngati a namwino. Zonsezi foni inkatola, ndipo ine sindinadulemo kanthu.

Kenako kapulogalamu kaja kanayamba kundivuta. Mbalule siyenda ngati wotchi, imadumpha, imadikira wovina, ndiye khodi yanga inkasokonezeka n'kumauza munthu kuti wachedwa pamene sanachedwe. Ndinalimbana nayo sabata ziwiri osaphula kanthu. Ndinachita chimene ndimachita Lachisanu lililonse osaganiza kawiri: ndinafuna maso a mnzanga. Ndinamutumizira mphunzitsi uja foda yonse, khodi pamodzi ndi mawu ojambulidwa, poti sungayese pulogalamu ya ng'oma popanda ng'omayo. Ndinamuuza za lonjezo langa. Anagwira pamtima n'kunena kuti pakamwa pake mpotseka.

Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti vuto lija analipezadi. Anakonza mizere isanu yokha, ndipo kapulogalamu kanayamba kuyenda bwinobwino. Ndinamugulira nyama yootcha pamsika, ndikumutcha dolo.

Lamlungu lotsatira, itakwana nthawi ya maumboni, ndinamuona akupita kutsogolo foni ili m'manja. Analumikiza foniyo ku sipika. Anauza mpingo kuti pakati pathu pali m'bale amene Mulungu akumuchotsa mu mdima wa makolo ake, ndipo kuti timve tokha kumene akuchokera. Kenako m'tchalitchi monse munamveka chifuwa cha amalume, kukhosomola kwawo, mawu awo akundiuza kuti ndisendeze foni pafupi, ndiye ng'oma.

Amayi ena anayamba kukuwa ndi kudzudzula mizimu. Achinyamata a kumbuyo anafa nazo kuseka pamene amalume anatukwana zala zawo. Mphunzitsi uja atandiloza, abusa anandiitana kutsogolo. Apa ndi pamene ndimadzida ndikakumbuka: ndinadzuka, ndinapita, ndinagwada, ndipo anandisanjika manja ng'oma ya amalume ikulirabe. Ndinaopa kutaya anthu amene ndinawapeza movutikira.

Titatuluka ndinamukokera kuseri kwa tchalitchi. Ndinamufunsa chimene ndinamulakwira. Sanachite ngakhale manyazi.

"Ndakuthandizatu, m'bale," anandiyankha. "Za mumdima zimafuna kuwala. Tsiku lina udzandithokoza."

Anandiuzanso, ngati akundiuza za mtengo wa chimanga, kuti mawuwo wawatumiza kale pa gulu la pafoni la mpingo kuti amene sanabwere amve nawo. Ndinafuna kumuwomba mbama. Chinandiletsa si chikhristu, koma kuti anali wamtali kundiposa.

Sabata imeneyo ntchito sinayende. Pa msonkhano wa Lolemba ndinkangoti eya pa chilichonse. Lachitatu sindinapite ku mapemphero, ndipo sindinapitekonso mpaka lero. Ndinkadzinamiza kuti mwina nkhaniyi sifika kwa Mlolo, ngati kuti amayi obwera kudzagulitsa mtedza pa boma alibe makutu.

Loweruka ndinawapeza amalume akusenda mtedza pakhonde. Anandilonjera bwinobwino, anafunsa za amayi, anandipatsa mpando. Kenako anati mdzukulu wa aneba awo anawalizira mawu awo pa foni, anthu ali gulu pachigayo. Anati sankadziwa kuti amakhosomola chonchija. Sanakweze mawu. Ndinafotokoza zonse, za foda, za mizere isanu, za lamulo la kuntchito kwathu, ndipo m'kamwa mwanga momwe zinkamveka zopusa. Za kugwada sindinanene, koma ndinaona kuti akuzidziwa.

"Fufuta," anatero. "Pompano, ndikuona."

Ndinatulutsa laputopu m'chikwama. Ndinafufuta mawu onse a miyezi iwiri, ndi kapulogalamu komwe, ndi zimene ndinasunga pa intaneti. Iwo ankayang'anitsitsa galasi ngakhale kuti sadziwa kuwerenga Chingerezi.

"Zatha?"

Ndikanatha kunena kuti eya, ndipo akanandikhulupirira. Koma ndinali nditawanamiza kokwanira.

"Zanga zatha, amalume. Zimene zili m'mafoni a anthu aja sindingazifikire."

Anayesa kuphwanya mtedza umodzi ndi zala zotupazo. Unawakanika, ndipo anauponya m'lichero wosasenda.

"Ndiye wafufuta chiyani?"

Madzi akatayika saoleka, ndipo ine amene ndimadya za makompyuta ndinkadziwa zimenezi kuposa wina aliyense pa Chadiza.

Ndimapitabe kwa Mlolo, ngakhale si Loweruka lililonse. Amandilandira, timacheza za mvula ndi za thonje, koma ndikangotulutsa foni kuti ndione nthawi, amasiya kulankhula mpaka nditaibweza m'thumba. Chaka chatha zala zinawakaniratu, ndipo mbalule anaipereka kwa munthu wa mudzi wina. Mphunzitsi uja ndimakumana naye pamsika, amandipatsa moni wa m'bale, ine ndimayang'ana kumbali. Ndikafuna kumvanso amalume akuimba ng'oma, kwatsala malo amodzi okha kumene ndingakapemphe, ndipo ndi kwa iyeyo, poti foda yonse ija ili kwa iye yekha.