Mjigo Umene Tinauvinira

Chaka chimene mwana wanga anatsegula m'mimba kawiri, ndinkachapa zovala pakampu ya anthu a ku China amene ankakonza msewu chakuno ku Mitundu. Madzi akumwa tinkatunga kudambo, pomwe ng'ombe zimamweranso, ndipo a kuchipatala anandiuza mosabisa kuti vuto ndi madziwo.

Pakampupo panali mayi wina wa ku China woyang'anira makina. Atamva za mwanayo anabwera kumudzi kwathu ndi bambo womasulira. Anati makina obowolera mjigo akhala nawo milungu iwiri yokha, ife tingotuta mchenga ndi miyala, iwo adzabowola. Amayi a m'mudzi anaimba, nthungululu zinalira, apongozi anga anavina mpaka chitenje kumasuka. Mlendoyo anajambula zonse pafoni akumwetulira.

Lolemba ndinatuta mchenga ndekha. Lachiwiri ndekhanso, mwana ali kumsana.

"Mtengwa, muthyoka msana pachabe," anatero apongozi akutong'ola chimanga pakhonde. "Njerwa za sikelo ya ana tinaumba zija, nyumba yake munaiona?"

"Nanga munavinira chiyani, amayi?"

"Ndiye mumafuna timukwinyire nkhope mlendo? Kuvina ndi kuvina. Mchengawo tutani inuyo, anyamata a ku China akukwezani pantchito."

Lachisanu mayi uja anandiitanitsa ndili ndi thovu m'manja. Anali ataona kamulu kanga ka mchenga. Kudzera mwa womasulira anafunsa ngati anthu sakuwafuna madzi, kapena ngati anawalakwira. Womasulirayo anaseka, natchula liwu limodzi lalitali la Chingerezi, nati ndiwo matenda athu Amalawi. Mayiyo analilemba pafoni, foni inatulutsa zilembo za kwawo, anawerenga n'kupukusa mutu.

"Foni ikuti ndinu anthu odana ndi dziko, onyoza chilichonse," anatero womasulira. "Madamu akukana. Akuti anthu odana ndi dziko savina chonchija. Akuti mufotokoze inuyo."

Ine pagulu sindiyankhula, sukulu ndinalekera Sitandade 5. Mumtima nkhani inalimo yonse. Ndinkafuna kunena za njerwa zija zinamera udzu, za anthu amene anatilemba maina kuti atipatsa mbuzi n'kungotijambula. Ndinkafuna kunena kuti kwathu ukatuta mchenga makina osabwera, ana ako omwe amasekedwa kusukulu, ndiye munthu amayamba yekha kuseka. Pakamwa panangotuluka mawu ochepa, womasulira anawafupikitsa, foni inafupikitsanso.

"Akuti, ndiye anthu akuganiza kuti iwo akunama?"

"Iyayi."

"Ndiye akukhulupirira?"

"Iyayi."

"Mayi, sankhanipo chimodzi. Chitchaina sichilola zonse ziwiri, ndipo inenso ndili ndi ntchito zina."

Mayi wa ku China anandiyang'ana nthawi yaitali, akudikira. Ndinayang'ana pansi, thovu likuuma m'zala.

Yankho linandibwerera ndili panjira yobwerera kunyumba. Ndikanangoti: bweretsani makinawo tsiku limodzi, alire pamudzi, muona amayi omwewo akuthamanga ndi ndowa pamutu, apongozi anga patsogolo. Mawu osavuta, womasulira sakanawaononga. Loweruka ndinafika mpaka pakhomo la ofesi yawo, ndinamva mayi uja akuyankhula pafoni mokweza, ndinabwerera kukachapa.

Sabata yotsatira makina anapita kumudzi wina cha ku Nathenje, kumene anthu a mpingo anali atatuta kale mchenga. Tinawaona akudutsa pamsewu, fumbi kobo.

"Mwaona?" anatero apongozi. "Ndinanena ine."

Chimandipweteka n'chakuti mpaka lero amati ananena zoona, ndipo mudzi wonse umawavomereza. Ine ndimawiritsa madzi a kudambo m'mawa uliwonse. Nkhuni zikasowa, ndimam'patsa mwana osawiritsa, n'kumamuyang'anitsitsa tsiku lonse.