Shamimu anathyoka mkono, ife osadziwa

Lachiwiri lapitali achemwali anga, Abiti Saidi, anangotulukira kwathu kuno ku Mangochi osaimba n'komwe foni. Anatsika pa njinga yamoto fumbi lili mbuu kumaso, atatseka okala yawo ya zitenje ku Chiponde. Amene amawadziwa mayi amenewa akudziwa kuti okala ija satseka ngakhale malungo atawagwira. 

"Achimwene, mwana wanu watayika," anatero asanakhale pansi.

Mwana amanenayo ndi Shamimu, mwana wawo woyamba, ndipo ine ndine mjomba wake. Amaphunzira za ulimi wa nsomba ku yunivesite ku Lilongwe, ndipo chaka chino anasankhidwa kukaphunzira semesita imodzi ku Belgium. Chipitireni wakhala akuimba tsiku ndi tsiku. Lero akudandaula kuti dzuwa likulowa msanga, mawa wapeza mzikiti wa anthu a ku Morocco, mkuja akufunsa ngati usipa wayamba kuphedwa. Koma kuyambira Lachisanu kunali zii. Foni osalowa, mauthenga osawerengedwa.

Inu mukanaganiza chiyani?

Anzawo a pa msika anali atawathandiza kale kuganiza. Wina anawakumbutsa za atsikana amene amatengedwa ndi malonjezo a ntchito kunja, kukafika kumeneko n'kulandidwa mapasipoti. Wina anati sukulu za ulere kulibe, mzungu sapatsa chinthu pachabe. Pofika kwathu, achemwali anali atalira njira yonse.

Ine ndinayesa kulimba mtima. "Mwina ndi mayeso, achemwali. Mwina foni yangowonongeka." Koma mawu angawo ine mwini sindinawakhulupirire. Pajatu pa msonkhano wa banja ndine ndinaumirira kuti mwanayu apite, akuluakulu ena akukana kuti mtsikana wosakwatiwa sangakakhale yekha kutali choncho. Chikanachitika china, maso onse akanayang'ana ine.

Mwayi wake, tsiku lina Shamimu anandiimbirapo pa foni ya mnzake wogona naye chipinda chimodzi, mtsikana wa ku Kenya dzina lake Wanjiru. Ndinafufuza nambala ija n'kuimba. Anayankha m'Chingerezi kuti Shamimu ali bwino, koma anayankha mofulumira kwambiri, ngati munthu amene anakonzekera kale funsolo. Achemwali anandilanda foni. Ndi Chiswahili chawo cha pa msika, chophunzira kwa amalonda a ku Tanzania, anamuuza kuti: "Ine ndine mayi ake. Ngati mwana wanga wamwalira, ndiuze tsopano lino."

Apo Wanjiru anaulula zonse.

Kumapeto kwa sabata, ophunzira a m'kalasi mwawo anakwera sitima ya pamtunda kupita ku Austria kukaona mapiri. Shamimu, mwana wokulira pa mchenga wotentha wa kuno, anaponda pa madzi oundana, n'kuterereka, n'kugwera mkono wamanja. Fupa linathyoka, foni imene inali m'dzanja lomwelo inaphwanyika. Anzake anamutengera kuchipatala, anamuika chikhakha, inshuwalansi ya sukulu inalipira, ndipo Lolemba anabwerera naye ku Belgium. Chimene anawapempha n'chimodzi chokha: amayi ake asamve.

Posakhalitsa Wanjiru anayatsa vidiyo, nkhope ya Shamimu n'kuoneka pa foni. Wamoyo, mpango uli kumutu, mkono uli m'chikhakha choyera chimene anzake anachilembalemba mayina.

"Alhamdulillah," anatero achemwali, n'kukhala pansi pa simenti pomwepo. 

Koma mayi ndi mayi. Misozi isanaume, anayamba. "Iwe, ndinakuuza chiyani pa bwalo la ndege? Sindinati ukaphunzire, osati kukayendayenda? Ku mapiriko unakatayako chiyani?"

Shamimu anayang'ana pansi. "Amama, n'chifukwa chake sindinanene. Ndimaopa kuti mundiuza kuti ndibwerere." Kenaka anatembenukira kwa ine. "Amjomba, ndimaopanso kuti anthu akusekani inu."

Mawu amenewo ndi amene andilembetsa lero.

Taganizani. Mwana wathyoka fupa m'dziko limene chilankhulo chake sachimva, ululu uli tho, madokotala akumufunsa mafunso, koma chimene akuopa kwambiri si fupalo ayi. Akuopa ife. Akuopa mawu aja timawakonda kuposa tiyi wa m'mawa: "Tinakuuza."

Ndipo si Shamimu yekha. Kuno kwathu ndi mabanja angati amene ali ndi mnyamata ku Joni? Ndi angati mwa anyamatawo amene amaimba kunena kuti ntchito yatha, kapena kuti agona m'chipatala? Amatumiza zithunzi atavala jekete yobwereka, ataima pafupi ndi galimoto ya eni ake, ife kuno n'kumaonetsa anansi. Choonadi timadzachimva mochedwa, nthawi zina kwa munthu wachilendo. Timadabwa kuti bwanji sananene. Akananena bwanji, poti tsiku lomwe ananyamuka tinamusenzetsa ulemu wa mtundu wonse?

Kwa mtsikana katunduyo amalemera kawiri. Mnyamata akapunthwa kunja timati ndi ngozi. Mtsikana akapunthwa timati ndi umboni woti sanayenera kupita. Chonsecho ife anthu a kunyanja kuno ndife anthu oyenda. Makolo athu anayenda malonda mpaka kugombe la nyanja yamchere, ndipo achemwali anga omwewa amawoloka malire a Mozambique ngati akupita kuseri kwa nyumba. Akuluakulu anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Kodi mwambiwu unanena kuti ng'onayo ikhale yaimuna?

Sindikunena kuti Shamimu anachita bwino kubisa. Ndinamuuza poyera kuti amayi ake ayenda ulendo wa misozi chifukwa cha iye, ndipo kukhala chete kumapweteka kuposa nkhani yoipa. Anapepesa. Sindikunenanso kuti mantha a achemwali ndi opanda pake, chifukwa atsikana otayika kunja alipodi, ndipo mayi aliyense amene wamva nkhani zawo sangagone tulo tabwino. Koma mantha athu akamatuluka ngati ukali, mwana amaphunzira kutseka pakamwa. Ndiye pa tsiku limene adzakhaledi m'mavuto aakulu, adzaimbira wina, osati ife.

Mtima utakhala pansi, achemwali anafunsa funso limene ndinalikonda. "Nanga mapiriwo unawaona, kapena unangokagwa?"

Shamimu anaseka koyamba. Anati anawaona, oyera mpaka kuthobwa m'maso, ndipo sitima inalowa pansi pa phiri n'kutulukira mbali ina. Anati Wanjiru ndi amene akumumanga mpango ndi kumuphikira, mnzake wina wa ku Poland akumulembera za m'kalasi, ndipo aphunzitsi avomera kuti mayeso ena adzayankhe pakamwa. Semesita aimaliza. Achemwali anamuthokoza Wanjiru m'Chiswahili chothyokathyoka, n'kumulonjeza chitenje chabwino koposa pa okala yawo.

Tinadya chakudya cha masana ndi mtima umodzi, ndipo kwa nthawi yoyamba chiyambire Lachisanu achemwali anamaliza mbale.

Inu amene muli ndi mwana kutali, kaya ku Ulaya, ku Joni kapena ku Zomba komweku, dzifunseni moona mtima: atavulala lero, angayambe kuimbira inu, kapena angapemphe anzake kuti musamve?