Chipewa chimene chinakana kuvulidwa

Ndikamva fungo la polishi wa nsapato, mtima umandibwezera pakhonde lathu ku Highfield, pamene agogo anga aamuna ankakhala m'mawa uliwonse akupukuta nsapato zomwe sankapita nazo kulikonse, makombi, maminibasi a kumeneko, akulizirana mahutala mumsewu wa ku Machipisa. Anachoka ku Ntcheu ali mnyamata kukasaka ntchito kunja kwa Malawi, nakalambira pa makina a fakitale ku Willowvale. Achemwali awo amene anawasiya kumudzi sanaonanenso nawo.

Chaka chimene ndinali mu Fomu 1, azakhali anakonza ulendo wa ku Malawi. Agogo anati awatengere moni wa pavidiyo wopita kwa achemwali awo aja. Ine ndinadumpha ndi chimwemwe, poti laputopu yakale ya amalume ndinkaidziwa ndine ndekha, ndipo ndinkayenda ngati pansi ndinagula.

Ndinawajambula, ndinadula, ndinalumikiza. Tsiku la ulendo m'mawa ndinawaonetsa. Anagwira mutu.

"Akazi anga," ankanditcha choncho pondiseka, "mwandipha! Ndikulonjera achemwali chipewa chili kumutu? Adzati mtchona uja ulemu anausiya pamalire pa Nyamapanda."

Tinajambulanso msangamsanga, chipewa chili pabondo. Fayilo yatsopano ndinaipatsa dzina lomwe lija n'kufufuta yakale. Nditaseweretsa, agogo anatulukira pagalasi chipewa chili nga! Ndinatseka pulogalamu, kutsegulanso, chipewa pompo. Ndinazimitsa laputopu yonse, chipewa osasuntha. Uku azakhali amanga kale zikwama, akukuwa kuti basi sidikira munthu. Misozi inayamba kulengeza, ndipo kunyada konse kunandithera.

Agogo anakoka mpando. Kompyuta anali asanaigwirepo chibadwire, koma sanaiope.

"Kuntchito, makina akamalavula zadzulo, sitinkawamenya ayi. Tinkadziwa kuti zatsalira m'mimba. Kodi ameneyu zotsala zake amasunga kuti?"

Ndinafufuza mpaka ndinapeza mawu akuti kashe. Kunali komweko! Pulogalamu ija, pofuna kuthamanga, inkasunga zithunzi zimene inakonza kale, ndipo poona dzina lomwelo inkangondipatsa zakalezo osayang'ananso. Ndinkaopa kufufuta zonse.

"Sesani, akazi anga. Zikatayika ndilipo, mundijambulanso."

Ndinasesa. Kamzere kanayamba kuyenda pang'onopang'ono ngati ng'ombe yokhuta, kenako dazi la agogo linati ngwee pagalasi. Tinakuwa! Azakhali analulutira, agogo anavina ndi nsapato imodzi kumanja, mpaka mayi wa kuseri kwa mpanda anasuzumira kufunsa ngati kwabadwa mwana. Vidiyo ndinaiika pa fulashi n'kuwathamangitsira nayo azakhali pa kombi ili yotentha.

Patapita mwezi azakhali anabwera ndi nkhani. Vidiyo anaionetsa pa TV ya m'golosale, mudzi wonse utadzaza. Achemwali a agogo aja poyamba anangoyang'ana, osamudziwa nkhalamba ya jekete imeneyi. Koma agogo atawerama polonjera pavidiyopo, achemwaliwo anaimirira n'kukagwira galasi.

"Ili ndi dazi la atate! Ndi mlongo wanga uyu!"

Agogo atamva anaika dzanja pamutu. Aka kanali koyamba kuwaona akulira.

Lero ntchito yanga ndi yomweyi, kukonza mavidiyo a maukwati ndi zinkhoswe. Kompyuta ikachita makani sindipsa mtima, ndimayamba ndasesa kashe. Ndipo ndisanapereke ntchito ndimaionera yonse mpaka kumapeto, chifukwa sindidziwa kuti kutsidyako wina akamuzindikira m'bale wake ndi chiyani.