Loweruka Limene Agogo Chisale Sanapite ku Labu

Ndikakumbukira agogo Chisale, chimayamba kundifikira ndi fungo la chimanga chofumbwa, lomwe linkatulukira pansi pa chitseko chawo n'kudzaza kakhonde ka mafulati athu ku Woolwich, kusakanikirana ndi la anyezi wokazinga ndi la majekete onyowa ndi mvula. Mayi anga ankati ndi fungo la nkhokwe, koma ine wobadwira ku London nkhokwe ndinali ndisanaionepo. Sanali agogo anga enieni. Anali oyandikana nafe, bambo wamtali waimvi yemwe anathawa ku Malawi nthawi ya chipani chimodzi, ndipo mayi, pokhala namwino, ankandisiya kwawo akapita ku ntchito. Kwa zaka makumi awiri ndinkakhulupirira kuti ndinawaphetsa ndine, ndipo sindinauzepo munthu.

Agogo ankagwira ntchito pa yunivesite ina, kufufuza za anankafumbwe. Mabotolo ena a tizilomboto ankabwera nawo kunyumba n'kuwandandalika pamwamba pa firiji, ndipo akazi awo, a Nambewe, sankatopa kuwanyogodola.

"Anzanu anabwera ku London kudzakhala madokotala. Inu munabwera kudzaweta anankafumbwe."

"Mayi, tizilomboti timadya chimanga cha anthu omwe alibe kokadandaula," ankatero agogo, maso ali pa botolo.

Tsiku lina anandiika botolo pakhutu n'kundiuza kuti ndikhale chete. Poyamba ndinangomva basi ikudutsa kunja ndi mpopi ukudontha m'khitchini, kenako ndinamva kaphokoso kakang'ono kosalekeza, kukukuta kwa timano tosaoneka m'kati mwa njere iliyonse. "Imeneyo ndi njala ikubwera," anatero. Ndinawayankha m'Chingerezi monga mwa chizolowezi changa, ndipo iwo anasanduka gonthi mpaka nditanena m'Chichewa. Chichewa chimene ndikulembachi ndinachiphunzira choncho, mokwiya.

Loweruka lililonse ankakwera sitima kupita ku labu yawo kukasefa chimanga, kuwerenga tizilombo tamoyo ndi takufa, n'kutithirira chimanga china. Labuyo inali m'chipinda chapansi penipeni pa nyumba yaitali, ndipo anthu ankanena kuti a m'zipinda zam'mwamba amagwira ntchito za asilikali. Chaka chimenecho dziko lino linali litalowa nkhondo ina yakutali, ndipo agogo ankadana nayo kwambiri. Anakayenda nawo pa zionetsero, maondo akuwapweteka, atanyamula chikwangwani chomwe anadula pa katoni ya mafuta ophikira. A Nambewe atawafunsa za anzawo am'mwambawo, anangoti, "Ndinawauzapo maganizo anga, sanandipatsenso moni."

Ine ndinali ndi zaka khumi, ndipo nkhondo yanga inali ina. Kusukulu kunali konsati Loweruka, ine ndikuimba chitoliro, mayi ali ku ntchito, ndipo ndinali nditadzitama kale kwa anzanga kuti kubwera agogo anga apulofesa. Nditawauza, anapukusa mutu.

"Loweruka ndili ku labu, Tadala. Anankafumbwe sadziwa weekend."

Ndinanyanyala. Masiku atatu sindinawapatse moni, chakudya chawo ndinkangochitosatosa, ndipo akandilankhula gonthi ndinali ine. Ndinali katswiri pa zimenezi, mayi anga angachitire umboni. Lachisanu anagogoda pakhomo pathu, chipewa chili m'manja ngati abwera kudzapepesa mlandu.

"Chabwino amayi, mwapambana. Anankafumbwe adikira mpaka Lamlungu."

Anabweradi, atavala suti yawo yakutchalitchi, n'kukhala kutsogolo. Ndinaphonya kawiri, koma anaomba m'manja mpaka makolo ena anacheuka.

Lamlungu m'mawa anapita ku labu. M'mawa womwewo achinyamata ena odana ndi nkhondo anaimika galimoto yokhala ndi bomba kuseri kwa nyumba ija, pafupi ndi mawindo a chipinda chapansi. Anasankha Lamlungu poganiza kuti simukhala munthu, koma bombalo linaphulika agogo ali m'kati. Ife tikuchokera kutchalitchi tinapeza apolisi awiri ataima pakhomo pa a Nambewe, zipewa atavula, ndipo tisanafike pamwamba pa masitepe tinamva kulira komwe sindinakumvenso kwina kulikonse. Mayi anaponya chikwama pansi n'kuthamanga. Ine ndinatsala pamasitepe, ndikuwerenga masiku chobwerera m'mbuyo.

Achinyamatawo atagwidwa anauza khoti kuti sanafune kupha aliyense, ankangofuna kuti kuphana kuthe. Mayi anazima wailesi mwaukali atamva zimenezo. Ine ndinachita mantha, chifukwa mawu amenewo ndi omwe ndinkadziuza tsiku ndi tsiku: nanenso sindinafune. Ndinayamba kuwazemba a Nambewe. Ndikamva chitseko chawo chikutseguka ndinkabwerera m'nyumba, ndipo atasamukira kwa mwana wawo ku Edmonton, mtima wanga unakhala pansi. Zimenezo zimandichititsa manyazi mpaka lero.

Chaka chatha mayi anandiuza kuti a Nambewe ali ku nyumba yosamalira okalamba ndipo amandifunsa. Ndinazengereza miyezi iwiri, kenako ndinapita. Ndinawapeza atakhala pawindo, ataonda, bulangete lili pamiyendo, koma pakamwa pali pomwe paja.

"Ndiwe Tadala? Ndimayesa unasamukira kumwezi."

Ndinali nditakonza mawu ambiri m'sitima, koma ndinangogwada pambali pa mpando wawo.

"Agogo, pali chimene sindinakuuzeni. Tsiku lawo la ku labu linali Loweruka. Ndine ndinawakakamiza kuti asinthe, chifukwa cha concert yanga."

Panjira panadutsa mtsikana akukankha ngolo ya makapu a tiyi, ndipo a Nambewe anadikira kuti apitirire.

"Zoti anasintha chifukwa cha iwe ndinkadziwa, anandiuza okha akuseka. Koma iwe sudziwa izi. Bambo aja ankafuna kupita masana, titaweruka ku church. Ine ndinati ayi, pitani m'mawa kuti mubwereko msanga, kukubwera alendo. Akanapita masana akanapeza zonse zitachitika kale. Ndinawatulutsa m'nyumba ndine, tiyi asanamalize."

"Munauzapo munthu?"

"Ndiuze ndani? Ana anga?" Anandigwira dzanja, zala zawo zozizira. "Ndiye iwe zaka twenty, ine zaka twenty, aliyense wasenza yekha. Nanga amene anaika bomba aja tawasiyira chiyani choti asenze?"

Tinaseka pang'ono, kuseka kosayenera, kenako tinalira mpaka wosamalira wina anasuzumira pakhomo n'kubwerera mwakachetechete.

Nkhondo ndimadana nayo mpaka pano, monga ankachitira agogo, ndipo ikabuka ina ndimapita nawo kumsewu. Koma ndikamva munthu akunena motsimikiza kuti m'nyumbamo mulibe aliyense, kapena kuti palibe amene avulale, thupi langa limazizira. Kwa a Nambewe ndimapitako kawiri pamwezi, ndipo timakamba za amuna awo momasuka, za liuma lawo ndi nsapato zawo zazikulu. Zaka zonse zija sindinawalire agogo, ndinkangoopa kugwidwa. Maliro awo ndawayamba chaka chathachi, ndili ndi zaka makumi atatu, ndipo ndikuwalira ngati mdzukulu wawo.